Kukaceza ku Hwange ndi ku Mosi-oa-Tunya

Masukulu akatsekera, mabasi ocoka ku Blantyre kunka ku Harare amadzala ndi anthu a mitolo. Ambiri ali amalonda, koma pakati pao sipalephera kupezeka banja limene lasenza thumba la mpunga, nsomba zouma ndi kaufa koyera, ndipo wina akafunsa kumene lilikupita, yankho limakhala lakuti, "Tilikukaona abale." Alipo mabanja a ku Chikwawa, ku Ntcheu, ku Dedza ndi ku Chipata amene mbale wao anapita kale ku migodi ya malasha ya ku Hwange, nakwatira komweko, nabala ana amene sanapondepo m'mudzi wa makolo ao. Ulendo wace ngwolemetsa. Basi imaoloka Zambezi pa Tete, nilowa m'Zimbabwe pa Nyamapanda. Pa Harare alendo amasintha kunka ku Bulawayo, ndipo kucokera pamenepo patsalanso makilomita oposa 300 a m'chire la mitengo ya tsanya.

Alendo akafika, masiku awiri oyamba amatha ndi malonje: ndani anamwalira, ndani anakwatiwa, munda uti unakokoloka ndi madzi a Shire. Tsiku lacitatu mwini nyumba amati kwa mlongo wace, "Acemwali, mwayenda mtunda wonsewu, kodi mubwerera osawaonetsa anawa Mathithi?" Pakuti kucokera ku Hwange kufika ku Mosi-oa-Tunya ndi makilomita ngati 100 okha. Ana amayesa kuti alikukaona madzi cabe. Komatu njira imene banjali layenda, ndi malo amene lidzaima, ziri ndi mbiri imene yamanga pamodzi anthu a Malawi, Zambia ndi Zimbabwe zaka zoposa 160, ndipo kwa anthu a ku Chikwawa mbiriyo iri ya pakhomo pao penipeni.

Pamalopo Zambezi watambalala mamita 1,708, ndipo madzi ace onse amagwera m'phompho lopapatiza, limene pozama pace pafika mamita 108. Madzi amaculuka koposa m'mwezi wa April, pamene nthunzi imakwera kumwamba ngati utsi wa lupsa nioneka kutali, ndipo woima m'nkhalango ya moyang'anana ndi Mathithi amanyowa monga wavumbwa ndi mvula ya dzinja. Mu October ndi November mtsinje umaphwa, mbali ya kum'mawa nikuuma, kusiya thanthwe lakuda poyera. Thanthwelo liri ndi ming'alu yakalekale, ndipo mtsinje wakhala ulikukumba ming'aluyo umodzi umodzi, kubwerera cakumtunda. Cifukwa cace kumunsi kuli zigwa zokhotakhota, ndipo ciri conse ca izo cinali malo a mathithi pa nthawi yace. M'mbali mwa zigwazo mwatoledwa nkhwangwa za miyala za anthu amene anaona madziwa alikugwera pena, osati pamene agwera lero.

Eni malo ndiwo Aleya, abale a Atonga, ndi mafumu ao Mukuni ndi Sekute. Atonga amacha malowa Shungu Namutitima. Ananambya a ku tsidya la kumwera amati Chinotimba. Mafumu anali kupereka nsembe kwa mizimu pafupi ndi phompho, pamene utawaleza uima pa nthunzi, ndipo anthu ao ndiwo anadziwa madooko ndi njira za mabwato pakati pa zilumba. Mudzi wa Mukuni ulipo kufikira lero ku mbali ya Zambia.

Dzina limene lachuka, la Mosi-oa-Tunya, kunena kuti utsi wogunda, linadza ndi alendo. Amakololo anali anthu a mtundu wa Asutu amene anathawa nkhondo za kumwera m'zaka za m'ma 1820, mtsogoleri wao ali Sebitwane. Anayenda zaka zambiri alikumenyana ndi mitundu ya m'njira, kufikira anaoloka Zambezi, nagonjetsa Atonga ndi Alozi. Sebitwane anaonana ndi Dotolo David Livingstone m'caka ca 1851, namwalira posacedwa. Ndipo mwa mafunso amene anafunsa mlendo wace linalipo lakuti kodi ku Ulaya kuli utsi wogunda. Mwana wace Sekeletu ndiye anakhala bwenzi la Livingstone. Iye anafuna njira ya malonda yofika ku nyanja ya mcere, kuti agulitse minyanga pa mtengo wabwino nagule mfuti ndi nsalu, ndipo cifukwa ca ici anapereka anthu, ng'ombe ndi minyanga ya paulendo. Popanda thandizo limeneli Livingstone sakadafika ku Luanda m'caka ca 1854, kapena ku Quelimane m'caka ca 1856.

Pa 16 November, 1855, Livingstone anakwera bwato laling'ono pamodzi ndi opalasa odziwa madzi a pamenepo, ndipo anamfikitsa pa cilumba ciri pa mlomo penipeni pa phompho. Anakwawa, nasuzumira pansi. M'mawa mwace anabweranso, nabzala mbeu za mapicesi ndi za khofi, nalemba zilembo za dzina lace pa mtengo, nacha malowo dzina la Mfumukazi Victoria. Mabuku akale a sukulu anali kuphunzitsa kuti iye ndiye anatulukira Mathithi. Koma munthu amene wacita kuperekezedwa, m'bwato la eni ace, ku malo okhala nao kale maina atatu, sanganenedwe kuti watulukira kanthu. Cimene anacita ndico kudziwitsa a kutali, ndipo cimeneco cinasintha dziko lonselo.

Tsono nkhani imene iyenera kumvedwa bwino ndi ya anthu amene anatsagana naye. Sekeletu anampatsa amuna 114 kuti atsike naye Zambezi kunka kum'mawa, mkulu wao ali Sekwebu, munthu wodziwa zinenero za m'njira. Anafika pa Tete mu March, 1856. Pamenepo Livingstone anawasiya m'manja mwa mkulu wa Apwitikizi, nalonjeza kuti adzabwera kudzawatenga. Sekwebu yekha anapitirira naye kufikira kukwera sitima ya pamadzi. Koma zacilendo za panyanja zinamsokoneza mutu, ndipo anadziponya m'madzi pafupi ndi cilumba ca Mauritius. Otsalawo anadikira zaka ziwiri ndi theka, alikudzidyetsa okha ndi kutema nkhuni, kupalasa mabwato ndi kusaka njobvu. Pamene Livingstone anabwera m'caka ca 1858, anapeza kuti 30 a iwo anafa ndi nthomba, ndi ena 6 anaphedwa. Ndipo sanawatenge msanga ai, pakuti mtima wace unali pa mathithi a Kebrabasa, pa mtsinje wa Shire, ndi pa Nyanja imene anaifika mu September, 1859.

Ulendo wobwezera anthuwo kwao unayamba mu May, 1860. Pomwepo cinaoneka cinthu cimene mabanja a maiko atatuwa adzacidziwa bwino m'mibadwo yotsata. Amuna ambiri anali atakwatira pa Tete nabala ana. Ananyamuka ndi anzao, koma usiku uli wonse ena anali kuzemba, kubwerera kwa akazi ao. Kwao kunali mfumu ndi ng'ombe ndi makolo, koma pa Tete panali mwana wakhanda. Awa angathe kuchedwa machona oyamba a njira imeneyi. Amene analimbika anafika ku Mosi-oa-Tunya mu August, pamodzi ndi Livingstone, mng'ono wace Charles ndi Dotolo John Kirk. Munda uja wa pacilumba anaupeza utathera m'mimba mwa mvuu. Anayesa kutambalala kwa Mathithi napeza mayadi opitirira pang'ono 1,860, ndipo anasunga nambala imeneyo popeza inalingana ndi caka. Pa Sesheke anapeza Sekeletu alikudwala nthenda yoopsa ya pakhungu, imene anthu anati ndi khate, atadzitsekera kwa anthu ace, ufumu ulikugwedezeka.

Pobwerera kum'mawa Livingstone anapatsidwanso amuna 16. Ambiri a iwo sanali Amakololo enieni, koma anthu a mitundu imene Amakololo anaigonjetsa. Cinkana cotero dzinalo linawamatirira. Awa ndiwo anafika ku cigwa ca Shire, nakhala kwa Chibisa, pafupi ndi pamene pali boma la Chikwawa. Inali nyengo yoipa. Ogula akapolo anali kupasula midzi, ndipo m'zaka za 1862 ndi 1863 kunagwa njala imene inatha anthu osawerengeka. Amishoni oyamba, amene anadza ndi Bishopu Mackenzie ku Magomero m'caka ca 1861, anafa ena, otsala nacoka. Livingstone yemwe anacoka m'caka ca 1864. Alendo aja anatsala ndi mfuti zao, ndipo anthu othawa nkhondo ndi njala anadza kudzabisala kwa iwo. Posapita zaka zambiri Kasisi, Chipatula, Mlauli, Katunga, Maseya ndi Mlilima anali mafumu a midzi ya malinga m'mbali mwa Shire.

Mbiri ya mafumuwa iri ndi nkhope ziwiri, ndipo wonena imodzi yokha wanama. Anatsekereza ogula akapolo m'dera lao, nalandira amishoni a ku Scotland, nasenzetsa anthu ao zitsulo za sitima ya Ilala kulambalala mathithi a Shire m'caka ca 1875. Koma analandanso mphamvu za mafumu a Amang'anja, za Lundu yemwe, ndipo kulanga kwao kunali kwankhanza. M'caka ca 1889 anthu a Mlauli anamenyana ndi asilikali a Apwitikizi a Serpa Pinto. Ndipo mkangano umenewo ndiwo unafulumiza Angerezi kunena kuti dziko la Amakololo ndi mapiri a Shire liri m'manja mwao, cimene cinabala boma la 1891. Motero malire a kumwera kwa Malawi ali ndi muzu wace mwa amuna ocepa amene anacokera ku Zambezi wa kumtunda.

Nanga kwao kumene anacokera? Sekeletu anamwalira m'caka ca 1863. Caka cotsatira Alozi anauka, napha amuna a Amakololo, natenga akazi ndi ana. Cinenero cokha cinapulumuka pa milomo ya akaziwo, ndipo ndico cikuru ca Cilozi cimene cilankhulidwa ku Mongu ndi ku Livingstone lero. Aja a ku Shire sanakhalenso ndi mudzi wokacezako. Mwana wa kwa Kasisi kapena kwa Katunga akaima pa Mosi-oa-Tunya, waima pa njira imene anadzera amene anayamba maina amenewo.

Patapita zaka makumi anai dzikolo linasinthidwa ndi malasha ndi njanji. Cecil Rhodes anafuna njanji yocokera ku Cape kufika ku Cairo, ndipo malasha atapezeka ku Wankie, monga Azungu anachulira dzina la mfumu Hwange, njanji ya ku Bulawayo inakhotetsedwa kuti idzere kumeneko. Inafika ku mgodi m'caka ca 1903, ndi ku Mathithi mu April, 1904. Rhodes anakhumba kuti mlatho umangidwe pafupi, kuti nthunzi ya Mathithi izigwera pa ngolo za sitima. Koma iye mwini anamwalira m'caka ca 1902 asanawaone ndi maso. Zitsulo zace zinasulidwa ku Darlington, ku Mangalande, nizidza pa sitima ya pamadzi kufikira ku Beira. Amisiri anamanga kucokera ku matsidya onse awiri, akumaolotsa zitsulo pa cingwe cokoka pamwamba pa phompho, ndipo mbali ziwirizo zinakumana pakati pa 1 April, 1905. Mlathowo, wautali mamita 198, wokwezeka mamita 128 pamwamba pa madzi, unatsegulidwa pa 12 September caka comweco ndi George Darwin. Njira ya magalimoto inaonjezedwa m'caka ca 1930.

Mgodi unafuna manja, ndipo manjawo anacokera kumpoto. Ku Nyasaland kunali msonkho wa nyumba koma nchito ya ndalama inali yosowa, ndi malipiro a m'minda ya Azungu anali ocepa. Cifukwa cace anyamata anali kunyamuka m'magulu, pansi, ndi kathumba ka ufa, kudzera ku Tete kapena ku Feira, m'njira za mikango ndi acifwamba. Ena anaima pa mafamu a fodya, ena anafika ku Salisbury, ena ku "Wangi Kolia," monga anchito anachulira mgodiwo. M'zaka zoyamba imfa inali yambiri kumeneko, ya cibayo ndi ya matenda a kusowa zakudya zabwino, ndipo fuluwenza ya 1918 inapululanso ambiri. M'caka ca 1935 bungwe limene boma la Nyasaland linaika kufufuza za anthu opita kunja linayerekeza kuti amuna 120,000 anali kunja kwa dziko, ndipo linadandaula za midzi yotsala ndi akazi, ana ndi nkhalamba zokha.

Kukaceza kunali kosatheka masiku amenewo. Mkazi amene mwamuna wace anapita anali kudikira kalata, kapena bulangete lotumizidwa ndi mnzace wobwera. Zikaleka kufika, ankhoswe anali kukhala pansi kuweruza ngati ukwati ulipobe. Zinthu zinayamba kupepuka pamene mlatho wa Dona Ana unatha m'caka ca 1935, kotero kuti munthu anakhoza kukwera sitima pa Limbe naoloka Zambezi osatsika, nasintha pa Dondo kunka ku Umtali, Salisbury ndi Bulawayo. Boma la Southern Rhodesia linaikanso malole onyamula ofuna nchito osalipira, amene anthu anawacha Ulere. Maboma atatu anapangana m'caka ca 1936, ndiponso m'caka ca 1947, za zitupa, za ndalama zotumiza kwa banja, ndi za kubwerera kwa wanchito patapita zaka ziwiri. Koma ambiri anapeza njira yozembera lamulolo. Pamene makampani anayamba kumanga nyumba za okwatira, ena anaitanitsa akazi ao, ena anakwatira ana a eni dziko. M'makomboni a ku Hwange, monga Lwendulu, Madumabisa ndi Makwika, Cinyanja cinakhala cinenero ca pamsika ndi pabwalo la mpira, ndipo gule wamkulu anabvinidwa kutali ndi dambwe la kwao.

Pa zaka zomwezo Mathithi anasanduka malo a chuthi, koma a anthu ena. Hotela ya Victoria Falls inatsegulidwa m'caka ca 1904. Kuyambira 1920 kufikira 1957 alendo ace anali kunyamulidwa pa tingolo ta pa kanjanji, tokankhidwa ndi amuna akuda, kucokera ku hotela kunka ku mlatho ndi ku dooko. Mu April, 1947, Mfumu George VI inagona pamenepo pamodzi ndi mkazi wace ndi ana ace akazi awiri. Kuyambira 1948 kufikira 1950 ndege zotera pamadzi, za pakati pa Mangalande ndi Johannesburg, zinali kutera pa Zambezi kumtunda kwa Mathithi. Munthu wakuda amene anaona Mosi-oa-Tunya m'nyengo imeneyo kawirikawiri anamuona ali pa nchito, atasenza katundu wa wina, kapena pa zenera la ngolo yotsiriza ya sitima. Kuti banja la wokumba malasha livale zoyera, lilipire pa cipata, ndi kuyenda mwa ufulu m'nkhalango ija, ndi cinthu ca m'badwo wa posacedwa, ndipo akuluakulu amene amaumirira kuti ana akaone amadziwa cifukwa cace.

Amene ali ndi ziphaso amaoloka mlatho kukaona mzinda wa Livingstone. Azungu oyamba anamanga pa dooko lochedwa Old Drift, kumtunda kwa Mathithi, kumene katundu anali kuolotsedwa pa mabwato kuyambira 1898. Malowo anali a udzudzu, ndipo malungo anawatha. Manda ao alipo m'kati mwa nkhalango ya nyama ya Mosi-oa-Tunya. Mlatho utatha, otsala anasamukira pa mtunda wa mcenga pamene pali mzinda tsopano. Livingstone anali likulu la Northern Rhodesia kuyambira 1911 kufikira 1935, pamene boma linasamukira ku Lusaka. Nyumba yace yosungiramo zakale inayamba m'caka ca 1934, nilowa m'nyumba imene irimo lero m'caka ca 1951. M'menemo muli makalata ndi zipangizo za Livingstone, zida za miyala, ndi cifanizo ca cigaza ca munthu wakalekale cimene cinafukulidwa ku Kabwe m'caka ca 1921. Cigaza ceniceni cinatengedwa kunka ku London.

Hotela ija inaonanso kubadwa ndi kufa kwa Citaganya. Mu February, 1949, atsogoleri a Azungu a maiko atatu anasonkhana pa Mathithi kupangana za kulumikiza maikowo, osaitana munthu wakuda ndi mmodzi yemwe. Msonkhano wina unacitika pomwepo mu September, 1951, ndipo nthumwi za anthu akuda a kumpoto zinakana. Citaganya cinayamba m'caka ca 1953 cinkana anakana. Pakati pa caka ca 1963 nduna ya ku Mangalande, R. A. Butler, inasonkhanitsanso maboma pa malo omwewo kugawana cuma ndi ngongole, ndipo Citaganya cinatha pa 31 December. Malawi ndi Zambia analandira ufulu m'caka ca 1964. Ian Smith analengeza ufulu wa boma la Azungu pa 11 November, 1965, ndipo kuyambira pamenepo mlatho umene unamangidwa kuti ulumikize unasanduka malire a adani.

Tsoka lalikulu la mabanja a ku mgodi linagwa pa 6 June, 1972. M'mawa wa tsikulo mpweya ndi pfumbi la malasha zinaphulika mu mgodi wa Nambala 2, pa dzenje la Kamandama. Anafa anthu 427: a m'dzikomo, a ku Zambia, a ku Mozambique, a ku Malawi, a ku Tanzania ndi ena, akuda ndi Azungu. Opulumutsa anayesa masiku atatu, koma utsi wakupha ndi kuphulika kwina zinawabweza, ndipo potsiriza dzenje linatsekedwa, mitembo pafupi yonse iri momwemo. Kwa Acewa ndi Amang'anja, amene sakhulupira imfa asanaone manda, ndipo amene amameta maliro pamodzi monga banja, ici cinali cilonda cosapola. Ku midzi ina kunafika kalata yokha.

Patangopita miyezi isanu ndi iwiri, pa 9 January, 1973, Smith anatseka malire ndi Zambia cifukwa ca ankhondo a ufulu amene anali kuoloka Zambezi. Posacedwa anafuna kutsegulanso, koma Kenneth Kaunda anakana, nati dziko lace lidzapeza njira zina. Motero amasiye ndi abale a ku Zambia, ngakhale a ku Livingstone amene akadafika ku Wankie tsiku lomwelo, analibe podzera kukalira pa dzenje lija. Pa 25 August, 1975, ngolo ya sitima inaimikidwa pakati penipeni pa mlatho, kuti Smith akhale ku mbali ya Rhodesia, ndi Abel Muzorewa, Joshua Nkomo ndi Ndabaningi Sithole ku mbali ya Zambia, Kaunda ndi John Vorster wa ku South Africa ali ankhoswe. Msonkhanowo unalephera tsiku lomwelo. Sitima za katundu wa Zambia zinayambanso kuoloka m'caka ca 1978, koma anthu wamba anadikira kufikira nkhondo itatha ndi kubadwa kwa Zimbabwe m'caka ca 1980. M'caka ca 1982 dzina la Wankie linabwezedwa kukhala Hwange, ndipo m'caka ca 1989 Mathithi analembedwa ndi UNESCO pakati pa malo a mtengo wapatali a dziko lonse lapansi, m'dzina la maiko onse awiri.

Mabvuto a machona sanathere pamenepo. Lamulo la Zimbabwe la m'caka ca 2001 linafuna kuti ali yense wokhoza kuyesedwa nzika ya dziko lina akane unzika umenewo m'miyezi isanu ndi umodzi. Ambiri obadwira m'makomboni ndi m'mafamu, a makolo ocokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique, sanamve, kapena analibe makalata oyenera, ndipo anadzuka ali alendo m'dziko limene anabadwiramo, osakhoza kuvota kapena kutenga pasipoti. Ku Malawi nakonso sanali kudziwika. Malamulo akulu a dzikolo a m'caka ca 2013 anabwezera unzika kwa obadwira m'Zimbabwe amene kholo lao linacokera ku maiko oyandikana a SADC, ngakhale kukonzetsa zitupa kwatenga nthawi kwa ambiri. Ici ndico cifukwa cina cimene ulendo wokaceza wakhala wa mbali imodzi: mlongo wa kumudzi ndiye amasenza mpunga kunka ku Hwange, pamene atsibweni a anawo sanakhoze kudza ngakhale pa maliro a amai ao.

Ndalama zikatsala, banja limapatukira ku nkhalango ya nyama ya Hwange, imene inapatulidwa m'caka ca 1928. Mlonda wace woyamba, Ted Davison, anapeza dziko la mcenga losowa madzi m'cilimwe, nakumbitsa zitsime za mipope; ndipo njobvu, zimene zinali zocepa, zinaculuka kufikira kupitirira 40,000, kotero kuti tsopano zimaononga mitengo ndi minda ya anthu oyandikana nazo. Nthawi zina safunikanso kulipira pa cipata, pakuti njobvuzo zimadutsa pa mseu waukulu, basi niima kuzidikira.

Tsiku lotsiriza, mitolo itamangidwa, mwini nyumba amaperekeza alendo ace ku Kamandama. Pali cikumbutso pa dzenje lotsekedwalo, ndipo caka ciri conse pa 6 June anchito, akulu a mgodi ndi akazi amasiye amene atsala amasonkhana pamenepo. Masiku ena pamakhala zii. Amai amagwada, atsibweni amabvula cipewa, ndipo mwana wodziwa kuwerenga amauzidwa kuti ayende ndi cala pa mndandanda wa maina, kufikira apeze la agogo ace.